Mabomba okwirira: chimene anthu otchuka adakwanitsa, ndi chimene chatsalira

Akuluakulu a ku Makanjira, Katuli ndi Namwera safunika kuwafotokozera kuti nkhondo ya ku Mozambique inali yotani. Adaona anthu akulowa m'midzi mwawo mitolo ili pamutu, ana kumsana. Frelimo ndi Renamo adamenyana kuyambira 1977 mpaka 1992, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira muno m'Malawi. Mfuti zidatonthola atasainirana mtendere ku Rome mu Okutobala 1992, koma mabomba okwirira pansi adapitiriza kudula anthu miyendo. Mozambique idalengeza kuti yachotsa onse odziwika mu Seputembala 2015, patatha zaka 23.

Ntchito yanga ndi yothandiza odulidwa ziwalo kuti ayambenso kuyenda, choncho ndiyambe ndi zimene bombali limachita pa thupi. Adalipanga mwadala kuti lipundule, chifukwa msilikali wovulala amafuna anzake omunyamula, mankhwala ndi galimoto, zomwe wakufa safuna. Kulemera kwa mwana kumakwanira kuliphulitsa. Likaphulika limaphwanya phazi, n'kukankhira dothi, udzu, zidutswa za nsapato ndi za mafupa m'kati mwa minofu, kumtunda kwambiri kuposa pamene maso akuona bala. N'chifukwa chake madokotala amadula pamwamba, ndipo chilondacho amachisiya chosasoka kwa masiku angapo kuopa kuti chingaole. Achibale amadandaula kuti adula kwambiri, koma akasiya minofu yakufa, matenda amalowa m'magazi.

Kuchira kwa chilonda ndi chiyambi chabe. Mwendo wopanga wa munthu wamkulu umatha pakapita zaka zochepa. Wa mwana umafunika kusintha pafupipafupi, nthawi zina chaka chisanathe, chifukwa fupa limakulabe ndipo limatha kuboola khungu. Mlimi woteroyo kulima kumamuvuta, ndipo munda umene wina adapondamo bomba palibe amaulowanso.

Zonsezi madokotala a Red Cross ankazidziwa kale, ndipo mu 1992 mabungwe asanu ndi limodzi adayambitsa mgwirizano wofuna kuti mabombawa aletsedwe, wotchedwa ICBL, wotsogozedwa ndi mayi wa ku America, Jody Williams. Maboma ambiri ankangoti iyi ndi nkhani ya asilikali. Mu Okutobala 1996, nduna ya zakunja ya Canada, Lloyd Axworthy, idauza mayiko kuti abwerere ku Ottawa pakatha chaka kudzasaina pangano loletsa mabombawa. Ambiri adaona ngati akulota.

Kenako mu Januwale 1997 Diana, yemwe adali mkazi wa Charles wa ku Britain, adapita ku Angola. Ku Huambo adavala zodzitetezera n'kuyenda m'kanjira kamene bungwe la HALO Trust lidali litachotsamo mabomba, uku ndi uku kuli zikwangwani zofiira. Andale ena kwawo adamudzudzula kuti akulowerera zosamukhudza. Kwa ine, chachikulu chimene adachita ndi kukhala pansi pamodzi ndi ana odulidwa miyendo, atolankhani akujambula. Anthu amene sakadawerenga lipoti la madokotala adaona chitsa cha mwendo wa mwana, ndipo nduna zidasowa chowayankha. Mu Ogasiti adapita ku Bosnia, ndipo pa 31 mwezi womwewo adamwalira pa ngozi ku Paris. Mu Seputembala mayiko adagwirizana mawu a panganolo ku Oslo, mu Disembala mayiko 122 adasaina ku Ottawa, Malawi ali momwemo. Chaka chomwecho Williams ndi ICBL adalandira mphoto ya Nobel.

Ndimaona kuti Diana timamutama moyenera, koma timaiwala ena. Boma la Nelson Mandela lidaletsa mabombawa ku South Africa mu Febuluwale 1997, pangano lisanalembedwe. Amene adalandira mendulo ya Nobel m'malo mwa ICBL anali Tun Channareth wa ku Cambodia, wodulidwa miyendo yonse iwiri. Ndipo msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli udachitikira ku Maputo mu Meyi 1999.

Panganoli limaletsa kupanga, kusunga, kugulitsa ndi kukwirira mabomba olimbana ndi anthu. Limapereka zaka 4 zowonongera osungidwa, ndi zaka 10 zoyeretsera nthaka. Kuyeretsako n'kwapang'onopang'ono: munthu amagwada, kumafukula ndi kachitsulo, chifukwa mabomba ambiri ndi apulasitiki ndipo makina ofufuzira zitsulo amavutika kuwamva. Ku Mozambique adathandizidwanso ndi abwampini ophunzitsidwa ku Morogoro, Tanzania, ndi bungwe la APOPO. Iwowa amanunkhiza onga, ndipo ndi opepuka moti bomba siliphulika akaliponda.

Chondidetsa nkhawa ndi chakuti pangano likugwedezeka. America, Russia ndi China sadalowemo n'komwe. Mu 2025 Poland, Finland, Estonia, Latvia ndi Lithuania adalengeza zotulukamo poopa Russia. Mantha awo ndikuwamvetsa, koma bomba lokwiriridwa lero lidzapondedwa ndi mwana amene sanabadwe, monga zidachitikira kutsidya kwa Chiponde. Harry, mwana wa Diana, adapita ku Huambo mu 2019 n'kupeza kuti malo amene mayi ake adayendamo aja ndi msewu wa nyumba ndi masitolo, koma madera ena a Angola adakali ndi mabomba mpaka pano.

Kwa inu amene mumalima kapena kutola nkhuni m'malire: mawu oti "onse odziwika" akutanthauza kuti pangakhale ena osadziwika, ndipo madzi osefukira amawasuntha. Mukaona chitsulo kapena chipulasitiki chachilendo m'nthaka, musachigwire, musachitenge kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Bwererani mukuponda m'mapazi mwanu momwe, letsani ana kupitako, ndipo kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.