Momwe Amasungira Ndege ya Blue Angels Ikasiya Kuuluka

Pa 18 November 2020, ndege yankhondo ya mtundu wa F/A-18C Hornet, yopakidwa penti wabuluu ndi wachikasu, inatera pa bwalo la ndege la Dulles pafupi ndi Washington ku America. Umenewo unali ulendo wake womaliza. Inalowa m'manja mwa Steven F. Udvar-Hazy Center, nyumba ya bungwe la Smithsonian yosungiramo ndege zakale, yomwe ili pambali pa bwalolo. Ndegeyi, nambala yake 163439, inapangidwa ndi kampani ya McDonnell Douglas, inayamba ntchito mu 1987, inamenya nawo nkhondo ya ku Gulf mu 1991, ndipo mu 2015 inalowa m'gulu la Blue Angels.

Blue Angels ndi gulu la asilikali a pamadzi a dziko la America lomwe limachita zionetsero za kaulutsidwe ka ndege. Linayamba mu 1946 ndipo kwawo ndi ku Pensacola, m'chigawo cha Florida. Ma Hornet akalewa linauluka nawo zaka 34, kuchokera kumapeto kwa 1986 kufikira November 2020. Kuyambira 2021 likuuluka ndi Super Hornet, yomwe ndi yokulirapo.

Ambiri amaganiza kuti ndege imapumitsidwa injini ikatha. Si choncho. Hornet ili ndi injini ziwiri za General Electric F404, ndipo imodzi ikavuta amakaniko amangoitsitsa n'kukwezapo ina. Chomwe chimatha ndi thupi la ndegeyo. Mukatenga waya n'kumaupinda uku ndi uku, umafika poduka ngakhale simunaukoke mwamphamvu, ndipo chitsulo cha ndege chimatopa mwa njira yomweyo. Ndege ikakhota mwadzidzidzi mapiko amapindikira m'mwamba, ikawongoka amabwerera. Hornet inapangidwa kuti iuluke maola 6,000. Chifukwa chosowa zolowa m'malo, zambiri anaziwonjezera moyo kufika maola 8,000, zina mpaka 10,000, koma ataziyeza kwambiri ndi kusintha zigawo zina.

Maolawo sakhala ofanana. Ola limodzi louluka molunjika silidya chitsulo ngati ola la chionetsero, pomwe ndege ikakhota imatha kulemera kasanu ndi kawiri kuposa kulemera kwake kwenikweni. Onjezanipo zaka zomwe inakhala pa sitima zonyamula ndege, pomwe amaiponya ndi makina ponyamuka ndipo potera imakola chingwe n'kuima mwadzidzidzi. Katundu yenseyu amagwera chigawo chapakati cha thupi, pamene pamalumikizana mapiko ndi miyendo ya matayala. Ming'alu imayambira m'mphepete mwa mabowo a mabauti, ndipo imayamba yaing'ono yosaoneka ndi maso. Amaifufuza ndi makina a magetsi, a mafunde a phokoso, kapena ndi mankhwala amtundu olowa m'ming'alu. Kusintha chigawo chapakati chimenechi kumafuna kuphwasula pafupifupi ndege yonse. Fakitale nayonso inasiya kupanga ma Hornet akale mu 2000, kotero zipangizo zinayamba kusowa mpaka amakaniko kumachotsa pa ndege ina kuti ina iuluke. Pakafika pamenepo, kukonza kumadula kuposa phindu lake.

Ndege yomwe yangozimitsidwa kumene si chinthu choti ana asukulu aiyandikire. Ntchito yoyamba ndi kuichotsa ululu, ndipo amayambira pa mpando wa woyendetsa. Mpandowu, wopangidwa ndi kampani ya Martin-Baker, uli ndi roketi pansi pake ndi timakatiriji tambiri ta zophulika tomwe timachotsa denga la woyendetsa, kuponya mpando kunja ndi kutsegula parachuti. Ndege ikangotera amalowetsa mapini otetezera okhala ndi nsalu zofiira. Kenako akatswiri a mipando amachotsa chophulika chilichonse, kuchiwerenga, kulemba nambala yake ndi kuchibweza ku nkhokwe ya asilikali. Kuwerengako n'kofunika chifukwa katiriji imodzi yoiwalika imatha kukhala yamoyo kwa zaka zambiri, n'kudzaphulika tsiku lomwe wina akupukuta fumbi.

Kenako mafuta. Matanki a mkati mwa Hornet amanyamula malita pafupifupi 6,000. Amawapopa, n'kutsegula timipopi ta pansi kuti otsalira akhe, kenako amapititsa mphepo m'matankimo kufikira makina oyezera atasonyeza kuti mpweya woyaka watha. Thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wa mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa kamoto kakang'ono ndi kokwanira kuiphulitsa. Ngakhale atayesetsa chotani, mafuta ena amabisala m'mapaipi ndi m'masiponji a m'mapiko, n'chifukwa chake pansi pa ndege yongofika kumene mumapeza mathireyi olandira madontho kwa miyezi ingapo. Mafuta osiyidwa ndi oipanso pa chifukwa china. Amasonkhanitsa madzi pansi pa thanki, m'madzimo mumamera tizilombo, ndipo tizilomboto timatulutsa asidi wodya chitsulo.

Haidiroliki, dongosolo la mafuta opanikizidwa oyendetsa miyendo, mabuleki ndi zowongolera ndege, ndiye imapusitsa anthu osadziwa. Mafuta ake amayenda ndi mphamvu ya 3,000 psi (psi ndi muyeso wa kupanikizika kwa mafuta kapena mpweya), ndipo injini ikazima mphamvuyo siitheratu. Muli mabotolo a naitirojeni osunga mphamvu yolizira kainjini koyambitsira ndi yogwirira mabuleki pangozi. Munthu akamasula paipi asanaphwetse mabotolowa, mafuta amatuluka mwamphamvu yoboola khungu. Amaphwetsa kaye, kenako n'kukhetsa. Pambuyo pake amachotsa mabatire, omwe akasiyidwa amachucha, mabotolo ozimitsira moto, ndi thanki ya okosijeni wamadzimadzi yomwe ma Hornet akale ambiri ankanyamula. Okosijeni wotere akakumana ndi girisi amabutsa moto. Asilikali amatenganso zida zawo zachinsinsi za radar ndi za mauthenga. Nthawi zambiri amatenga ndi injini zomwe kuti zikathandize ndege zomwe zikuulukabe, ndipo polowera mpweya ndi potulukira utsi amatsekapo ndi zivundikiro.

Haidiroliki ikachoka, miyendo ya ndege imafunika kuikhoma ndi mapini kuti isapindike. Naitirojeni wa m'mashokabu amatuluka pang'onopang'ono, ndege n'kumatsika mbali imodzi, choncho amamangapo makolala achitsulo kuti mwendo usafupike. Matayala, omwe pa ntchito amapopedwa kupitirira 200 psi, amawaphwetsako, n'kuika timajeke tachitsulo pansi pa ekiselo. Ndege yopanda kanthu imalemerabe matani oposa 10, ndipo tayala losenza katundu wotere malo amodzi kwa zaka limaphwatalala n'kung'aluka. Mukadzaona ndege ya m'nyumba yosungiramo zakale, suzumirani kuseri kwa tayala, mudzapeza kuti nthawi zambiri silikugunda pansi kwenikweni.

Pali zinthu zina zomwe siziyenera kuchotsedwa, chifukwa ndizo zimasiyanitsa ndege ya Blue Angels ndi Hornet wamba. Kumphuno, komwe kumakhala mfuti ya M61, anachotsako mfutiyo n'kuikako thanki ya mafuta a utsi. Mafutawa amawapopera mu mpweya wotentha wotuluka m'injini, n'kusanduka utsi woyera uja umaoneka kumwamba. Pa ndodo yowongolera anamangapo sipuling'i yomwe imaikokera kutsogolo ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 18. Woyendetsa amalimbana nayo chionetsero chonse, ndipo kulimbanako kumachotsa kugwedera kwa ndodo, zomwe zimathandiza pomwe ndege zinayi zayandikana mpaka masentimita 45. Anasinthanso mapampu a mafuta kuti injini isazime ndege ikauluka chagada kwa kanthawi. Thanki ya utsi amaikhetsa ndi kuitsuka, koma kuichotsa kungakhale kufafaniza mbiri ya ndegeyo.

Apa ndi pomwe osunga zakale amasiyana maganizo ndi okonda zonyezimira. Pali chilakolako chopenta ndege yonse mwatsopano kuti ioneke ngati yochokera ku fakitale. Kwa ndege yomwe ikakhale m'nyumba, kutero n'kulakwa. Penti yemwe inauluka naye pa chionetsero chomaliza, kuperepeseka kwa pomwe ankaponda amakaniko, kudera kwa kumchira komwe kunkadutsa utsi, zonsezi ndi umboni womwe sungabwererenso ukapalidwa. Chofunika ndi kutsuka ndi madzi abwino ndi sopo wosaluma, kuumitsa bwino, n'kupaka phula lopyapyala loteteza. Denga la woyendetsa ndi la pulasitiki, osati galasi lenileni. Likapukutidwa ndi thina kapena mankhwala otsukira mawindo okhala ndi amoniya limachita timing'alu tambirimbiri n'kuchita khungu, ndipo silikonzekanso.

Mdani wa nthawi yaitali ndi dzimbiri, ndipo pa Hornet limabwera mwa njira yakeyake. Khungu la mapiko ndi la zipsepse za kumchira ndi la ulusi wa kaboni, pomwe mafupa ambiri a mkati ndi a aluminiyamu. Ziwirizi zikagundana pali madzi amchere zimapanga magetsi ochepa, ndipo amene amadyeka ndi aluminiyamu. Ku fakitale amazilekanitsa ndi mankhwala omatira, koma mankhwalawo amauma n'kung'ambika ndi zaka. Ndege yomwe yakhala pa nyanja ndiponso ku Pensacola, komwe mphepo ya mchere imawomba chaka chonse, imafika ndi mchere m'makona onse. Dzimbiri la aluminiyamu si lofiira. Limaoneka ngati ufa woyera, kapena penti wotukuka mozungulira mitu ya marivheti. Penti akatukuka, ndiye kuti pansi pake zinayamba kale. Osamalira amatsegula tizitseko ta m'thupi, kulowetsa kamera yaing'ono ya pa chingwe, kupala pomwe padyeka, n'kupopera mafuta opyapyala othamangitsa madzi. M'nyumbamo amayesetsa kuti chinyezi cha mumpweya chisapitirire theka, ndipo m'malo otsekeka amaikamo timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi. Timatumbati timasintha mtundu tikakhuta, ndipo tikasiyidwa tokhuta sititetezanso kanthu.

Si ndege zonse zimapeza denga. Zambiri zimakaikidwa panja, pa chipata cha kampu ya asilikali kapena pamwamba pa mzati, ndipo kumeneko zimakalamba msanga. Dzuwa limafufutsa penti wabuluu ndi kufooketsa guluu womanga ulusi wa kaboni. Mvula imalowa n'kudikha m'mimba mwa ndege ngati timabowo totulutsira madzi tatsekeka ndi fumbi. Vuto limakula ndege ikaimikidwa mopendeka ngati ikukwera kumwamba, chifukwa madzi amakasonkhana pomwe opanga sanaikepo bowo, ndiye pamafunika kuboola ena. Mbalame zimamanga zisa polowera mpweya ndi m'malo a matayala, zisazo zimasunga chinyontho, ndipo zitosi zimadya penti ndi chitsulo, choncho bowo lililonse amalitchinga ndi sefa yawaya. Ndege ya panja imafuna kutsukidwa pafupipafupi ndi kupentedwanso pakapita zaka zochepa, ndipo kupenta ndege yotalika mamita 17 si ndalama yochepa. Ndege zambiri za asilikali a pamadzi zoonetsedwa m'malo osiyanasiyana ndi zobwereka kuchokera ku National Naval Aviation Museum ya ku Pensacola. Wobwereka amasainira kuti aziisamalira, ndipo akalephera eni ake angathe kuitenganso. Ku Pensacola komweko, ndege zinayi za A-4 Skyhawk, mtundu womwe gululi linkauluka nawo kuyambira 1974 mpaka 1986, anazipachika kudenga ndi zingwe zachitsulo, zitandandalikidwa monga zinkaulukira pa chionetsero.

Ndege ya ku Dulles inachita mwayi wofika yokha chouluka. Yomwe singauluke imapita pa lole, ndipo ngakhale nsonga za mapiko a Hornet zimapindika, pa msewu pamafunikabe kumasula mapiko ndi zipsepse. Bauti iliyonse amaiika m'kathumba kolembedwa pomwe yachokera, waya aliyense amamumasula pa cholumikizira m'malo momudula, ndipo ponyamula amakoleka pamalo okhawo omwe buku la ndegeyo lasonyeza. Lamba wokulungidwa pamalo olakwika amabonyola khungu la kaboni mkati, kunja kukuoneka bwinobwino.

Pamodzi ndi ndege payenera kupita mbiri yake yolembedwa: maola omwe inauluka, kangati inatera pa sitima, zigawo zomwe zinasinthidwa ndi tsiku lake. Osunga amawonjezapo mndandanda wa zomwe zachotsedwa, zomwe zatsala ndi mankhwala omwe apaka, pamodzi ndi zithunzi za mbali zonse. Woyang'anira wa zaka 30 zikubwerazi akadzapeza dontho pansi pa phiko, adzatsegula mabukuwo kuti adziwe ngati ndi mafuta a ndege otsalira, a haidiroliki, kapena mankhwala a dzimbiri, asanaganize zoti amasule kachitseko kati.