Umodzi umene analumbirira ku Nkhotakota mu 1960

Mlendo akafika pa boma la Nkhotakota, timathamangira kukamuonetsa mkuyu wa Livingstone, uja uli ku mishoni ya Anglican pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Timamuuza kuti pamthunzi pake m'pamene David Livingstone anakambirana ndi Jumbe, mtsogoleri wa Aswahili ogulitsa akapolo, pamodzi ndi mafumu a Achewa m'zaka za m'ma 1860, nkhani yake ili yoti malonda a akapolo athe. Chimene timadumpha pofotokoza n'chakuti zokambiranazo sizinaphule kanthu. Zombo zinapitirizabe kuwolotsa anthu kutsidya la nyanja, ulendo wa ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anadzapangana ndi Jumbe wachitatu mu 1889, ndipo Jumbe womaliza anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar. A Jumbe anapita, koma anatisiyira Chisilamu, mpunga, ndi mudzi wa Linga wodzaza mitundu yosiyanasiyana: Achewa a kwa Malengachanzi, Ayao, Atonga, ndi adzukulu a anthu amene anagwidwa kumtunda koma sanawoloke.

Koma msonkhano umene unatembenuza dziko lonse ndi wina, ndipo sitiukamba kawirikawiri.

Kumapeto kwa September 1960, chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu kuno, pamene malo ano azungu ankawalemba kuti Kota Kota. Chipanicho chinali chisanakwanitse n'komwe chaka ndi theka. Orton Chirwa ndi anzake anachiyambitsa mu 1959, boma la atsamunda litaletsa Nyasaland African Congress pa 3 March chaka chomwecho. Kamuzu anali atatuluka ku ndende ya Gwelo pa 1 April 1960, Orton n'kumupatsa mpando. Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta, anali atangomasulidwa kumene, ndipo Kamuzu anawaimika pamaso pa khamulo. Kwa Chipembere kunali ngati kubwera kwawo, pakuti anabadwira ku Kayoyo kumapiri a Ntchisi, bambo ake ali pa ntchito ya mpingo wa Anglican.

Pamsonkhano umenewo nthumwi zinavomera kuti Kamuzu akhale mtsogoleri wa chipani moyo wake wonse. Ine sindiwaweruza msanga anthu aja. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chidakalipo, anthu anali atawomberedwa ku Nkhata Bay chaka chapitacho, ndipo atsamunda ankafunafuna mng'alu woti alowerepo. Anyamata a Congress anaona kuti mutu umodzi, liwu limodzi, ndiye chida. Anaiwala kufunsa funso limodzi lokha: nanga tsiku limene tidzasemphane naye maganizo, tidzakadandaula kwa yani?

Yankho linabwera pasanathe zaka zinayi. Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zinatsutsana ndi Kamuzu pa nkhani ya tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndiponso ubale ndi Apwitikizi. Mu September ena anachotsedwa, ena anatula pansi okha. Chipembere anayesa kuukira mu February 1965 kuchokera ku Mangochi, zinakanika pa Liwonde, ndipo anakamwalirira ku America mu 1975. Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti cha ku Mwanza. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Dunduzu yekha sanazione izi, poti anali atafa kale pa ngozi ya galimoto mu 1962. Mwa amene anaimirira limodzi pa Nkhotakota, ndi ochepa amene anakalamba ali pamtendere kwawo.

Umodzi unatsala m'nyimbo ndi m'ngodya zinayi zija, pambali pa kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amene anakula nthawiyo akukumbukira kuti umodziwo unkayamba ndi khadi ya chipani pachipata cha msika.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 itabweretsa zipani zambiri, Nkhotakota inapezeka pamphambano: kumtunda ndi kumwera kwa bomali mphamvu ya Congress, m'mbali mwa nyanja Asilamu ambiri okondwera ndi Bakili Muluzi, kumpoto cha ku Dwangwa anthu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, aliyense ndi chipani cha kwawo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linkayenera kupereka mphamvu kwa anthu, koma makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zonsezo, amene anasenza chitukuko ndi mafumu ndi makomiti a kumudzi, a VDC ndi ADC, amene mamembala ake sankalandira kanthu kupatula mwina botolo la zoziziritsa kukhosi pamsonkhano.

Ndinakhalapo pa msonkhano wina wotere, pansi pa mtengo wa mango, nkhani ili ya mjigo umene unafa miyezi itatu. Amayi anakhala pamphasa, wina nsalu yachikasu, wina yabuluu, wina ya tambala wakuda. Bambo wina anayamba kunena kuti mjigowo anakumbitsa ndi phungu wa chipani chawo, ndiye enawo asamatokote. Wapampando, mayi wogulitsa usipa amene sukulu analekezera sitandade 6, anamulola amalize, kenako anati: “Bambo a kwathu, mwayankhula bwino. Koma mipira yatha m'kati umo. Phungu wanuyo akubwera liti kudzaisintha?” Anthu anaseka, mwini wakeyo nayenso anaseka. Shehe anavula kofia n'kuyiyendetsa, mkulu wa mpingo wa Anglican akulemba m'kope dzina ndi ndalama imene aliyense waponya. Itakwana nthawi ya swala, anaimitsa kaye msonkhano, Akhristu n'kudikira pamthunzi pompo akusenda mtedza.

Mayi uja anthu anamusankha kwa zaka zowerengeka, ndipo akalakwitsa amamuuza pamaso. Chaka chatha anamufunsa za ndalama zina zimene sizinkaoneka bwino m'kope, anabwera ndi malisiti m'jumbo ya shuga, n'kuwayala pamphasa limodzilimodzi.