Freshlyground, bandi ya ku Cape Town imene inafika pa mchenga wa Nkopola

Funsani wakabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi, kapena mayi wogulitsa utaka mumsika wa pa Boma, kuti nyimbo ya mpira wa dziko lonse wa 2010 anaimba ndani. Yankho libwera msangamsanga: Shakira. Sakunama ayi, koma akutchula theka chabe. Amene anamvetsera bwino akukumbukira kuti chakumapeto kwa nyimboyo kumalowa mawu ena a mzimayi, ozama, oimba m'chilankhulo chomwe si Chingerezi, ndipo pansi pake pamalira gitala ya kuno kummwera kwa Africa. Mawuwo ndi a Zolani Mahola, ndipo bandi yake ndi Freshlyground. Patangotha chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, a Freshlyground omwewa anali pa nsanja ku Nkopola, m'boma lathu lino la Mangochi. Ambiri a ife sitinadziwe kuti afika alendo otani.

Bandiyi inayamba mu 2002 ku Cape Town. Zolani anabadwira ku Port Elizabeth, ndipo pa nthawiyo ankaphunzira zisudzo pa University of Cape Town. Woimba kiyibodi, Aron Turest-Swartz, ndi amene anamumva akuimba n'kumuitana. Enawo anabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi mbiri yake. Simon Attwell, wa chitoliro ndi mbira, ndi wa ku Zimbabwe. Julio Sigauque, wa gitala, ndi wa ku Mozambique, dziko lomwe ife a ku Namwera ndi Makanjira timachita kuliona ndi maso tikaima pakhomo. Kyla-Rose Smith ankaimba vayolini, Josh Hawks besi. Wang'oma, Peter Cohen, anali wamkulu msinkhu kuposa anzake, ndipo anali ataimbapo kale ndi Bright Blue komanso Mango Groove m'zaka zimene tsankho la apartheid linali lisanathe.

Taganizirani chaka chimenecho. Panali patangotha zaka 8 chichokereni mu 1994 pamene Nelson Mandela anasankhidwa. Wakuda ndi mzungu kuimirira pa nsanja imodzi sichinali chachilendo kwenikweni, poti Johnny Clegg ndi Sipho Mchunu anali atachita kale zimenezo m'gulu la Juluka pa nthawi yoopsa kwambiri. Chatsopano chinali choti awa anali ana a m'badwo wina, ndipo ena mwa iwo sanali n'komwe eni dziko. Nyimbo zawo zinatengera kusakanikirana kumeneko. Muli pop ndi rock, muli jazz, muli kwela ya chitoliro, muli kaimbidwe ka gitala kodumphadumpha komwe khutu la Mmalawi silikaona kachilendo. Mawu ake amachoka m'Chixhosa kulowa m'Chingerezi n'kubwereranso, monga momwe mwana wa kwa Mpondasi amayambira nkhani m'Chiyao n'kuimalizira m'Chichewa osazindikira kuti wasintha.

Chimbale choyamba, Jika Jika, chinatuluka mu 2003 ndipo chinawadziwitsa kwa anthu a m'mizinda. Chimene chinawakweza ndi chachiwiri, Nomvula, cha 2004. Sichinagwire moto tsiku limodzi. Chinayenda pang'onopang'ono mpaka nyimbo ya Doo Be Doo inadzaza mawailesi onse a ku South Africa mu 2005. Anyamata athu amene anali ku Joni zaka zimenezo anaimva m'mataxi ndi m'mashopu momwe ankagwira ntchito, ndipo ena anabwera nayo kuno pa ma CD pamodzi ndi mabulangete, njinga ndi mawailesi aakulu aja. Mu 2006 ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, Freshlyground inalandira mphoto ya MTV Europe Music Award ya oimba opambana a ku Africa. Chaka cha m'mbuyo mwake mphotoyo inali itapita kwa 2Face Idibia wa ku Nigeria, choncho iwo anali oyamba a ku South Africa kuitenga. Kenaka kunabwera Ma'Cheri mu 2007, ndi mphoto za SAMA, zopatsidwa kwa oimba a ku South Africa, chaka chotsatira. Maulendo a ku Ulaya ndi ku America anachuluka.

Nkhani ya Waka Waka, nyimbo ya Shakira ija, ndiyofunika kuifotokoza bwino, chifukwa mkangano wake sunathe m'mitima ya anthu ena mpaka lero. FIFA italengeza kuti nyimbo ya mpikisano woyamba kuchitikira mu Africa aimba ndi mzimayi wa ku Colombia, anthu ambiri a ku South Africa anadandaula pa mawailesi. Ankafunsa kuti kodi dziko la Miriam Makeba ndi Hugh Masekela lasowa woimba? Funso lawo linali lomveka, ndipo ine ndimaona kuti linali loyenera kufunsidwa. Freshlyground inalowamo pamene inali ku New York kukamaliza chimbale chake cha Radio Africa. Wokonza nyimbo ya Shakira, John Hill, anawapatsa kuti aikemo zawo, iwo n'kuikamo gitala ija ndi ndime ya Zolani.

Panalinso eni ake ena amene dzina lawo silimveka. Kolasi ya nyimboyi si ya Shakira, si ya Freshlyground. Inachokera mu Zangalewa, nyimbo ya 1986 ya gulu la Golden Sounds la ku Cameroon, lomwe ena mwa oimba ake anali asilikali olondera mtsogoleri wa dzikolo. Inali itayenda kale mu Africa yense, ndipo inafika mpaka ku Colombia kumene Shakira anakulira. Nkhani ya umwini itabuka, a kampani yojambula anagwirizana ndi a Golden Sounds kunja kwa khoti. Choncho nyimbo imene ana amavina pa maukwati kuno kwathu ili ndi manja a Cameroon, Colombia, South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique. Pa YouTube yaonedwa nthawi zoposa 3 biliyoni.

Amene analipo mu June ndi July 2010 sangaiwale momwe Mangochi inaliri. M'nyumba zoonetsera mavidiyo, zomata ndi mphasa komanso mapepala akuda, anthu ankapanikizana pa mabenchi, jenereta ikulira kuseri, ana akusuzumira pa mipata ya bango mpaka mwini wake atawathamangitsa. Mavuvuzela anali atafika ndi mabasi a ku Joni. Usiku wa pa 2 July, Luis Suárez wa Uruguay atagwira mpira ndi manja pa mzere wa golo, Asamoah Gyan wa Ghana n'kumenyetsa penate pa chitsulo, m'nyumbamo munangoti zii, munthu wamkulu ndi ndevu zake akupukuta misozi ndi kolala ya malaya. Mpira usanayambe komanso pa nthawi yopuma, nyimbo inali yomweyo. Freshlyground inaimba ndi Shakira pa Orlando Stadium ku Soweto pa 10 June, tsiku loti mawa mpikisano uyamba, ndiponso pa mwambo wotsekera pa 11 July ku Soccer City. Tinawaona pa kanema. Maso athu anali pa Shakira.

Bandi ina ikanafika pamenepo ikanasamala pakamwa kuti isataye msika. Awa anachita zosiyana. M'chimbale cha Radio Africa munali nyimbo ya Chicken to Change, yolankhula kwa Robert Mugabe. Imayamba ndi kumulemekeza ngati ngwazi ya ufulu, kenaka n'kumufunsa chifukwa chake akuopa kusintha. Kanema wake anapangidwa ndi a ZANEWS, pulogalamu ya zidole imene wojambula makatuni Zapiro anathandiza kuyambitsa, ndipo chidole cha Mugabe chikuoneka chili phee m'galimoto yapamwamba pamene anthu akuvutika panja. Boma la Zimbabwe linawalanda zilolezo zokaimba kumeneko mu 2010. Mu May 2014 anayesanso, ataitanidwa ku HIFA, chikondwerero cha zaluso cha ku Harare, koma anabwezedwa pa bwalo la ndege la Harare osaimba ngakhale nyimbo imodzi. Musaiwale kuti mmodzi wa iwo kwawo n'komweko. Anadzaimba ku HIFA mu 2018, Mugabe atachoka pa mpando mu November 2017.

Ndiye ali ndi mbiri imeneyi anafika ku Mangochi. Chikondwerero cha Lake of Stars anachiyambitsa ndi Will Jameson wa ku Britain mu 2004 ku Chintheche, ndipo kuyambira 2009 chinakhazikika kwa zaka zingapo pa Sunbird Nkopola Lodge. Cha 2011 chinachitika kumapeto kwa September kulowa mu October, ndipo mayina aakulu ochokera kunja anali Freshlyground ndi Foals, bandi ya rock ya ku Oxford. Chinali chaka chowawa. Mafuta a galimoto ankasowa, madalaivala akugona pa mizere. Ndalama zakunja kunalibe. Mu April boma la Bingu wa Mutharika linali litathamangitsa kazembe wa Britain, ndipo pa 20 July anthu anafa pa zionetsero m'mizinda. Kuti alendo adutse msewu wa Liwonde kapena wa Golomoti n'kufika kunyanja m'nyengo yotero, panafunika khama. Ndipo munthu aliyense wodziwa zimene bandiyi inakumana nazo ku Zimbabwe sakanalephera kuganiza za kwathu kuno.

Chikondwererocho chinkabweretsa ndalama kwa ogulitsa ziboliboli, eni malo ogona, oyendetsa maminibasi ndi asodzi ogulitsa chambo. Koma ndi zoonanso kuti anthu ambiri a m'midzi yozungulira ankangomvera kunja, phokoso la besi likuyenda pamwamba pa madzi usiku, asodzi a usipa ali pa nyali zawo. Mtengo wolowera pa zikondwerero zotere si wa munthu wopalasa bwato. Ichi n'chifukwa china chimene bandi yotchuka chotere inabwera n'kubwerera dzina lake osakhazikika pakamwa pa anthu a kuno.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa mbiri ya Freshlyground n'chokhudza Joni. Palibe boma m'Malawi muno lomwe Joni ili m'magazi mwake kuposa lathu. Agogo athu anapita ndi Wenela ndi TEBA kukakumba m'migodi. Lero mnyamata akangomera ndevu maganizo ake ali pa pasipoti, ndipo nyumba zamalata zambiri za kwa Chimwala, ku Katuli ndi ku Malindi zinamangidwa ndi ma rand. Tikudziwanso nkhope ina ya dzikolo. Mu May 2008 ziwawa zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu n'kutumiza mabasi kukatenga anthu, ndipo ambiri otsika m'mabasiwo anali a kuno, ena atangonyamula kajumbo m'manja. Pa zaka zonsezi, bandi imene South Africa inkanyadira nayo pamaso pa dziko lonse inali ndi mwana wa ku Mozambique pa gitala ndi mwana wa ku Zimbabwe pa chitoliro. Amene ankathamangitsa alendo masana, madzulo ankavina nyimbo zoimbidwa ndi alendo. Sindikunena kuti nyimbo zikanaletsa zikwanje. Ndikunena kuti m'bale wathu amene akusoka zovala ku Durban kapena kusamalira maluwa ku Cape Town ali ndi ufulu wodziwa kuti dziko limenelo lakhala likudya thukuta ndi luso la obwera, kuyambira pansi pa mgodi mpaka pa nsanja ya Soccer City.

Zaka zotsatira bandiyi inapitiriza kuyenda. Chimbale cha Take Me to the Dance anachijambula ndi Steve Berlin wa gulu la Los Lobos la ku America, ndipo Can't Stop chinatuluka mu 2018. Anthu ankasintha. Aron anali atachoka kale, malo ake n'kulowa Seredeal Scheepers, ndipo Kyla-Rose nayenso anadzatsanzika. Kugwirizanitsa anthu asanu ndi awiri kwa zaka 17, aliyense ndi banja lake ndi zofuna zake, kugawana ndalama ya pa chipata popanda kumenyana, ndi ntchito yolemera kuposa kupeka nyimbo. Ife tikudziwa zimenezi poona kwathu. Alleluya Band ya ku Balaka, mu dayosizi yathu yomwe ino ya Mangochi, inayamba mu 1978, inalera Paul ndi Lucius Banda, yakhala ikupita ku Italy kukaimba, ndipo ikadalipo ngakhale oimba ake asintha kambirimbiri. Black Missionaries inataya Evison Matafale mu 2001 koma sinagwe. Mabandi ena ambiri anatha chimbale chachiwiri chisanatuluke, nthawi zambiri chifukwa cha ndalama kapena chifukwa woimba patsogolo waona kuti dzina lake lakula kuposa la gulu.

Kwa Freshlyground mayeso amenewo anafika mu 2019, pamene Zolani analengeza kuti akufuna kuyenda payekha. Sanasiyane mokangana pagulu. Anaimba limodzi komaliza pa 31 December 2019 ku munda wa Kirstenbosch, m'munsi mwa Table Mountain, mumzinda momwe anayambira, ndipo bandiyo inakhala chete kwa zaka zingapo. Kenaka otsalawo anasonkhananso n'kutenga woimba watsopano, Mbali Makhoba, mtsikana wamng'ono kwambiri poyerekeza ndi anzake a m'gululo, ndipo ayambiranso kuimba pa nsanja za ku South Africa.