Kupirira kwa mkazi sikuchiza uchidakwa

Ndatopa ndi mawu amene akhala akunenedwa kuyambira kalekale, kwa ankhoswe ngakhale pa intaneti, akuti mwamuna akalowerera mowa ndiye kuti mkazi wake sakumusamala, ndipo akamupirira ndi kumukonda adzasiya yekha.

Si zoona. Uchidakwa ndi matenda. Munthu akamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, ubongo umazolowera mowawo, moti akaleka mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo samatiwona, ndipo ena amagwa ngati akhunyu pasanathe masiku 2. Zimenezi zimatha kupha, n'chifukwa chake womwa kwambiri ayenera kusiya mothandizidwa ndi achipatala.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mayi amene wauzidwa kuti wolakwa ndi iyeyo. Amayamba kubweza ngongole za kachasu, kunama kuntchito kwa bambowo kuti agwidwa malungo, kubisira ana ndi abale. Iye akuwonda ndi nkhawa, mwamunayo sakuwona kuipa kwa mowa poti wina akumukwiririra zonse.

Musanapatsire m'bale wanu malangizo otere, kafunseni kaye namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo pachipatala chapafupi ngati ali oona. Mukafunsenso za uphungu wa mayiyo payekha.