Mimba ikukula, miyendo ikufota: za mafuta kwa amene ali pa ma ARV

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera. Kwa amene wayamba ma ARV kunenepa kwina n'kwabwinodi, thupi likubweza zimene matenda anadya. Koma pali kunenepa kwina kumene ife akuchipatala sitikondwera nako: mimba kutsogola, linunda kumera kumbuyo kwa khosi, mabere kukula ngakhale kwa abambo, uku miyendo ndi matako zikufota, masaya akulowa m'kati.

Amene anayamba mankhwala ma ARV aulere atangofika mu 2004 akukumbukira Triomune. M'piritsi limeneli munali stavudine, amene amaononga mafuta a pansi pa khungu, n'chifukwa china chimene anasiyidwira, ndipo mu 2013 anthu ankasamutsidwira ku tenofovir. Kusinthako kumaletsa kufota, koma masaya amabwerera mochedwa kwambiri, kwa ena osabwerera onse. Kuyambira 2019 ambiri ali pa dolutegravir, mankhwala amphamvu ndithu, ngakhale ena, makamaka amayi, amanenepa nawo.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta a m'kati mwa mimba, ozinga chiwindi ndi matumbo. Simungawatsine ndi zala, mimbayo imangoti nji. Ndiwo amaitana shuga, BP ndi matenda a mtima, ndipo sikelo ikhoza kukhala pomwepo iwo akuchuluka. Bwerekani tepi ya telala, muyeze podutsa pamchombo. Mukapitirira masentimita 94 ngati ndinu bambo, kapena 80 ngati ndinu mayi, auzeni adokotala. Ayambe akupimani, chifukwa mimba imatupanso ndi madzi chiwindi chikadwala kapena TB ikalowa m'mimba, ndipo linunda limabweranso ndi mankhwala a prednisolone mukamamwa nthawi yaitali.

Mankhwala opangidwira mafuta a m'kati mwa mimbawa alipo, tesamorelin, amene anavomerezedwa ku America mu 2010. Ndi jakisoni wa tsiku lililonse, wodula zedi, ndipo ukasiya mafuta aja amabwerera. Opaleshoni yopopa mafuta imathandiza palinunda, koma m'kati mwa mimba siifikamo. Metformin ndi wa amene shuga wayamba kukwera, koma dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, choncho mlingo wake akupimireni adokotala, osati kugawana ndi mnansi.

Mwayi wake, mafuta am'katiwa amamva thukuta. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata kumawasuntha, ndipo kuno ku Zomba zitunda sizisowa: msewu wa Ku Chawe uli apo. Mitanda ya nsima ichepe, ufa ukhale mgaiwa, mbale idzaze bonongwe kapena nkhwani ndi matemba a ku Chilwa. Zakumwa za shuga, mandasi ndi mowa muzichepetse, fodya mumusiye.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, musasiye kapena kudumphitsa ma ARV poopa maso a anthu. Kachilombo kamadzuka, mimba ili chikhalire. Tsiku lotenga mankhwala, kaya ku Tisungane pa chipatala chachikulu cha Zomba kaya kwina, pemphani akuyezeni chiuno, BP ndi shuga, azilembe m'buku lanu kuti ulendo wotsatira mudzafanizire.