Kamera yakale ingakuphunzitseni kujambula kuposa foni yanu

Anthu ofuna kuyamba kujambula akandifunsa kamera yoti agule, ndimawauza kuti asakesake DSLR yakale, kamera ya digito yosinthidwa malenzi, yomwe mwiniwake anaitaya m'kabati atagula ina. Ena amaona ngati ndikuwapeputsa, koma ndimanena kuchokera pansi pa mtima. Nikon D40 ya mu 2006 kapena Canon EOS 350D ya mu 2005 ili ndi zonse zimene wophunzira akufuna, ndipo pomwe imaperewera mpomwe pali phunziro lenileni.

Nkhani ya mamegapikiseli, mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi, isakudetseni nkhawa. D40 ili ndi 6 okha, komabe sikirini ya Full HD imaonetsa ongopitirira 2 pang'ono, ndipo chithunzi cha kamerayi chimatuluka bwino pa pepala la A4. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala. Ya D40 ndi pafupifupi mamilimita 24 m'litali ndi 16 m'lifupi, yaikulu kwambiri kuposa ya mafoni ambiri.

Foni yamakono imakuganizirani zonse. Mukangodina, imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi, n'kuziphatikiza, n'kukupatsani chimodzi chosalala. Chimakongola ndithu, koma simudziwa chakongoletsa n'chiyani. Kamera yakale mukaiika pa M, pomwe zonse mumasankha nokha, imachita chimene mwaiuza basi, ndipo mukalakwitsa sikubisirani.

Tiyerekeze kuti mukujambula mwana akuthamanga pamthunzi, dzuwa litapendeka. Shata, kachitseko kolowetsa kuwala pa sensa, mwaiika pa 1/60 ya sekondi. Chithunzi chawala bwino, koma miyendo ndi manja zangooneka mwachizimezime, chifukwa mwanayo anasuntha shata isanatseke. Mwaikweza kufika pa 1/500. Tsopano mwana waima nji, mpaka chala chakuphazi chikuoneka, koma chithunzi chada, pakuti kuwala kolowa kwachepa kasanu ndi katatu. Kuwala kumeneko mukubweza bwanji? Mungatsegule kabowo ka lenzi, kamene ojambula amati aperture: nambala ya f ikamachepa, kabowoko kamakula. Kuchoka pa f/5.6 kufika pa f/2 kungabweze kuwala konse, koma lenzi ya 18-55mm yomwe imabwera ndi makamerawa imathera pa f/5.6 mukaikoka mpaka kumapeto. Chatsala ndi ISO, nambala yosonyeza mmene kamera ikukuzira kuwala komwe sensa yalandira. Mwaichotsa pa 200 kufika pa 1600, chithunzi chawala, koma nkhope ya mwanayo yadzaza timadontho ngati mwaiwaza mchenga.

Apa mpamene ndimaikondera kamera yakale. Yatsopano imapirira ISO yokwera kwambiri, ndiye munthu amangokweza n'kupitiriza osaphunzira kanthu. Yakale imakukakamizani kuchotsa kamera pamaso n'kuyang'ana komwe kuwala kukuchokera. Mumuuza mwanayo athamangire m'mphepete mwa mthunzi, pomwe dzuwa likumumenya chakumbali, ndipo mungoona tsaya limodzi lawala, linalo lili ndi kamthunzi, nkhope yaumbika. Maso amene mwawaphunzitsa choncho mudzawagwiritsa ntchito pa kamera iliyonse, ngakhale pa foni yomweyo.

Pogula samalani, chifukwa chakale chili ndi zake. Shata imatha ndi ntchito, choncho funsani kuti yajambula kangati. Makamera ambiri a Nikon amalemba nambalayi m'kati mwa fayilo ya chithunzi. Chotsani lenzi muiunike ndi tochi. Kafumbi pang'ono sikavuta, koma mukaona timizere toyera toyanga m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, isiyeni. Batire yokhalitsa nthawi zambiri imakhala itafooka, ndiye onetsetsani kuti ina ikupezeka komanso chaja ilipo. Makhadi osungira zithunzi nawo amasiyana: 350D imafuna CompactFlash, pomwe Nikon D50, kamera inanso yakale, imalandira SD yosapitirira 2GB.

Pali msampha wina umene umagwetsa ambiri. D40 ilibe mota yoyendetsera fokasi m'thupi mwake, choncho imafokasa yokha ndi malenzi okhala ndi mota yawoyawo, monga olembedwa AF-S. Mukagula 50mm f/1.8D, lenzi yabwino kwambiri, muzifokasa ndi dzanja. Pa kamerayi ndimalangiza 35mm f/1.8G, yomwe imalowetsa kuwala kochuluka moti mungajambule m'nyumba pafupi ndi windo popanda fulashi. Ndalama imene mwapulumutsa pogula thupi lakale ipite ku lenzi yotereyi.

Musanapereke ndalama, yesaninso sensa. Ikani pa f/22, mujambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, kenako mukulitse chithunzicho pa kompyuta. Madontho akuda obulungira ndi fumbi, ndipo limachotsedwa mosavuta. Koma mzere wowongoka wodutsa chithunzi chonse, womwe ukubwera pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ukusonyeza kuti sensa yawonongeka, ndipo kamera imeneyo mubwezereni mwiniwake.