Tiyi wochepetsa thupi sasungunula mafuta

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda nkhani yoti munthu wonenepa kwambiri safunika dokotala, angomwa tiyi wochepetsa thupi kwa masabata awiri, mafuta onse asungunuka. Limeneli ndi bodza.

Tiyi wambiri wotereyu amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi, koma chatulukacho ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Mukangomwa madzi ndi kudya, makilo aja abwerera. Choopsa n'chakuti kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kumachepetsa mchere wa potaziyamu m'magazi, ndipo mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka. Kwa amene akumwa kale mankhwala a BP kapena a shuga, apa m'posasewera.

Kuchipatala amayamba n'kuyeza. BMI, yomwe imayerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ikafika 30 ndiye kuti kunenepako kwafika pa matenda. Amaonanso shuga ndi BP. Akatero amafuna muzitsika pang'onopang'ono, theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata. Zikuoneka zochepa, komatu munthu wa makilo 100 akatsitsa 5 mpaka 10, BP ndi shuga zimayamba kutsika. Nsima saletsa ayi. Amati chepetsani mitanda, chulukitsani masamba ndi nyemba, siyani zakumwa zotsekemera, ndipo muziyenda ndawala mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Nanga jakisoni wa mankhwala a semaglutide, amene amagulitsidwa ndi maina oti Ozempic ndi Wegovy? Ameneyu amagwiradi ntchito pochepetsa chilakolako cha chakudya, koma woyenera kukulemberani ndi dokotala, osati wogulitsa wa pa intaneti. Mu 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za Ozempic wachinyengo yemwe anapezeka ku Brazil, Britain ndi America.